Nkhata Yoyamba ya Mayi Lois Makwinja

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1979 kuno ku Lirangwe, kwa Mfumu Yaikulu Chigaru. Ine ndikuwerengane ndine Noah, malume awo.

Sukulu anayamba mu 1986. Anali mwana wosagwirika. Anzawo akutola nkhuni, iwo ali pamwamba pa mtengo wa masau, kuyang'ana ndege zolowera ku Chileka. Ndinawathamangitsapo ndi kamtengo kangapo, koma lero ndikulakalaka masiku amenewo atabwerera.

Mu 1999 anayamba ntchito yophika pa bwalo la ndege lomwelo. Mu 2001 anakwatiwa, Mulungu n'kuwapatsa mwana mmodzi, Yamiko. Banjalo linatha mu 2005.

Mu 2008 anapita ku Joni, kumene ankasoka zovala. Kumeneko anakumana ndi mayi Diana, ochokera kwa Kuntaja, ndipo mu 2013 awiriwa anamanga ukwati ku ofesi ya boma, monga malamulo a dziko limenelo amalolera. Malemu sanatibisire. Anatiuza okha pa Khirisimasi, tonse tili pakhonde, akusenda mango. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse ankabwera limodzi, ndipo ankalima nafe.

Mu 2023 anapezeka ndi khansa, n'kupempha kuti abwerere kwawo. Atangotera pa Chileka, ukwati wa zaka khumi uja unasanduka chinzake chabe, pakuti malamulo a kuno saudziwa. Kuchipatala a Diana ankangotchedwa owadikirira, ndipo zofunika kusainira ankaitana ine, munthu wosadziwa n'komwe mankhwala amene malemu amamwa. Koma amene ankagona pansi pambali pa bedi, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala mpaka pa 9 Juni 2025 pamene anatisiya, ndi a Diana.

Dzulo abanja tinakhala pansi pa nkhani ya nkhata. Mukudziwa kuti kumanda nkhata yoyamba amayika ndi amene malemu anali naye pabanja. Ena anati a Diana ayike pamodzi ndi anzawo a malemu, kumapeto. Tinakangana, sindinama. Ine ndinati malamulo a boma sitingawasinthe, koma maliro ano ndi athu.

Malemu asiya mayi awo, alongo awo awiri, mwana wawo Yamiko, mdzukulu mmodzi, komanso a Diana, amene anali nawo pabanja.

Tikuthokoza mafumu, ampingo, adzukulu amene akumba manda, amayi ophika, ndi inu nonse amene mwagona nafe pano.

A Diana, mwakhala kunja kwa siwa kuyambira dzana, kuopa kutipatsa manyazi. Lowani, mukakhale kumutu kwa bokosi. Tikafika kumanda, nkhata yoyamba ndi yanu.

Mayi Lois, mwana wa mlongo wanga, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.