A Eusebio Tabangcura, Oumba Zikho za Nkhope

Anamfedwa, ndi nonse mwabwera kudzatipepesa, ndaimirira m'malo mwa banja.

Malemu a Eusebio Tabangcura anabadwa pa 9 Okutobala 1936 ku Waipahu, m'minda ya nzimbe ya ku Hawaii. Sukulu anaisiyira panjira mu 1951. Pampando sankakhazikika, ndipo aphunzitsi ankangowapezerera akusema nkhope pa sopo.

Mu 1958 anakwera sitima ya pamadzi kubwera kuno ku California. Anatsukako mbale, anasakanizako mowa wa ramu ndi madzi a chinanazi m'mabala athu aja a nsungwi ndi udzu, mpaka mwini bala wina ku Long Beach anawapempa kuti aumbe zikho za tiki, zija za nkhope za milungu ya ku zilumba, za maso otong'oka ndi mano pamtunda. Zinayenda malonda. Akumwa ankazibisa m'majekete potuluka, malemu n'kumanyadira. M'zaka khumi anasamuka kasanu ndi kawiri, ng'anjo ili pa lole.

Mu 1966 anakwatira mayi Lehua Kekipi, mbadwa ya ku Hawaii. Pa phwando la ukwati, apongozi awo aamuna anachiyang'anitsitsa chikho chimodzi cha malemu, n'kufunsa kuti kodi milungu ya makolo awo inalakwanji kuti zidakwa zizimwera m'mitu yake. Malemu anaumbabe, poti ana ankadyera momwemo, koma mtima unali m'mwamba. Mu 1974 anaphwanya ndi hamala zikombole zonse makumi anayi, mayi akuwagwira mkono, akulira. Zaka makumi awiri zotsatira ankayala matailosi m'nyumba za eni.

Mu 1996 osonkhanitsa zikho zakale anawalondola mpaka ku San Pedro kumene ankakhala, akuwanyengerera kuti abwerezenso zija. Anakana. Anawauza kuti ngati akufuna nkhope yoopsa, ya iwo oumbawo ilipo. Anayambadi kuumba nkhope ya iwo eni, za asodzi ndi za onyamula katundu padoko, ndipo mabala analimbirana.

Mu 2019 fumbi la dongo linawagwira m'mapapo. Kuchipatala anathawako kawiri. Atisiya pa 3 Malichi 2021, kunyumba, atayatsa okha ng'anjo dzulo lake. Sitinaitsegulebe. Mayi akuti sanakonzeke kuona nkhope zimene zilimo.

Asiya mayi Lehua, ana atatu, Corazon, Keola ndi Nalani, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino amene anawapirira, komanso anzawo a m'mabala amene anyamula bokosi.

Bambo, manja anu atopa. Usani mumtendere.