Nyimbo ya pamtondo ya akulu anga

Aulutsi, nkhaniyi muiwerenge mosathamanga, chifukwa mwini wake sanatchulidwepo pa wailesi.

Ndinakulira ku Bundabunda nthawi ya Chitaganya. Akulu anga anali mkazi wosaponda m'kalasi, koma ankapeka nyimbo posinja. Tsiku lina anapeka yakuti atsamunda athira mayiko atatu mumtondo umodzi kuti atisinjire pamodzi. Amuna awo, alamu anga, anaikonda. Anayamba kuiyambitsa pamisonkhano ya chipani, anthu n'kumawaombera m'manja.

Apolisi atabwera kudzafunsa za mwini nyimboyo, alamu anaikana. "Bwana, mwamuna saimba za pamtondo," anatero. "Funsani mkazi wangayu."

Akulu anga anali ndi pakati. Apolisiwo anawayendetsa wapansi mpaka ku boma, akuwakwapula m'njira. Pobwerako mimba inali itachoka. Sanaberekenso, ndipo alamu anatenga mkazi wachiwiri. Kuyambira pamenepo akulu anga ankasinja ali chete, munsi wokha ndiwo unkamveka.

Ufulu utabwera, kunafika alendo ochokera ku Lusaka ofuna nyimbo zomenyera dziko. Ndinamva ndi makutu anga alamu akuwauza kuti nyimbo ya pamtondo ija anailota okha kutulo. Alendowo anawaimbitsa, n'kuwajambula. Akulu anga anali kuseri, akutsuka mbale za alendowo.

"Akulu, pitani mukanene," ndinawapempha.

Sanadzutse mutu. "Inali yanga tsiku la zikwapu, mng'ono wanga. Lero ndi yawo."

Anamwalira osaimbanso. Omvera, amuna akamaiimba m'masuti, mutchere khutu. Kugunda kwake si kwa ng'oma, ndi kwa munsi.