Chipewa cha Kumigodi ndi Mutu wa Bambo a Mayamiko

Ndikupatsani moni abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo nonse. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo mundipirire ndikatalikitsa, mtima wanga wadzaza.

Ambiri mukuwadziwa amuna anga, bambo a Mayamiko, awo akhala kumbuyoko akuyang'ana pansi. Ntchito yawo ndi ya kabaza wa njinga yamoto. Amanyamula anthu, amanyamulanso matumba a mbatata ya kachewere kuchokera kumapiri a ku Biriwiri kutsikira nawo kumsewu.

Atangogula njingayo, anatulutsa m'sutikesi chipewa chachikasu cha malemu bambo awo. Apongozi angawo anagwira ntchito kumigodi ku Joni, ndipo chipewacho ndi chomwe ankalowa nacho pansi. Pakhomo pathu chimalemekezedwa, ana sachigwira. Amuna anga amvekere, "Ichi chinagweredwa ndi mwala pansi pa nthaka, bambo anatuluka amoyo. Ndiye phula angachitani?"

Abale, chipewa chija chilibe lamba. Njinga ikangothamanga, mphepo inkachichotsa. Tsiku lina ndinawaona ndi maso angawa, dzanja limodzi pachiwongolero, lina pamutu, matumba ali kumbuyo. Ndinati Ambuye, ana awa ndidzalera ndekha kodi?

Ndinalankhula, osamva. Ndinakalipa, osamva. Amayi mukundimva, mwamuna ukamuuza za chinthu cha bambo ake, makutu amatseka. Ndiye ndinasiya kukalipa, ndinayamba kugwada. Ndinkapemphera kuti Mulungu awafewetse mtima, poti ine pakamwa panali patatopa.

Mmawa wina anangoti, "Mayi a Mayamiko, valani, tipite kumsika wa pa boma tikaone zipewa zanuzo." Sindinafunse kuti zatani. Ndinangomanga chitenje.

Titafika, wogulitsa anayala mahelemeti ambirimbiri. Bambowa maso anagwera pa chofiira, chonyezimira, chachikulu kwabasi. Ndinati chachikulu chonchi n'chachiyani? Akuti, "Ku Biriwiri kumazizira, ndizivala chipewa cha ulusi m'kati. Anzanga onse amatero." Wogulitsa naye ali, "Chawakhala bwino, mayi, awoneka ngati bwana."

Ine ndinachigwira ndi manja awiri n'kuchipotoza. Chinazungulira chokha, galasi linafika kukhutu, mutu uli pomwepo. Ndinati ayi. Ine ndakula ndikusenza ndowa, ndikudziwa kuti chinthu chogwedera pamutu chimagwa ukangopunthwa. Tinayesa china, tinayesanso china, wogulitsa mpaka nkhope inasintha. Kenaka tinapeza choyera, chosakongola n'komwe, koma chotseka mpaka kuchibwano, lamba wake wolimba. Nditachipotoza, mutu unatsatira.

Bambowa anadandaula. "Chikundifinya masaya, ndikuoneka ngati mwana wodwala matsagwidi." Ndinati, "Bambo, masaya afinyike, bola mutu ubwere kunyumba. Kuzizirako ndikulukirani sikafu ya m'khosi." Anaseka, tinatenga chomwecho.

Kuyambira pamenepo, mmawa uliwonse ndinkawaperekeza pakhomo n'kuwamanga lamba ndekha, chifukwa ndinadziwa kuti akausiya ukulendewera. Anzawo a pa siteji ankawaseka, ati awa anadyetsedwa khuzumule, mpaka chipewa kuvekedwa ndi mkazi. Ena mwa osekawo muli muno, sinditchula maina. Ine ndinalibe nazo ntchito.

Mwezi wathawu mvula itagwa, ankatsika phiri ndi matumba. Mbuzi inadumphira mumsewu. Anagwira buleki, njinga inaterereka, iwo anaponyedwa n'kukamenyetsa mutu pamwala wa m'mbali mwa ngalande. Amene anaona akuti phokoso lake linamveka patali, ndipo amayi ena amene ankagulitsa kabichi anayamba kulira maliro asanafike n'pomwe.

Uthenga unandipeza kudimba. Ndinathamanga opanda nsapato. Njira yonse yopita kuchipatala ndinkangoti Yesu, Yesu, mawu ena onse anandithawa. Pakhomo la wodi mnzawo wina anandipatsa chipewa choyera chija. Chinali chitang'ambika kuyambira pamphumi mpaka kumbuyo. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinaopa kulowa, abale, ndinaopa.

Ndili pansipo ndinamva mawu m'katimo. "Kodi kachewere uja mwatola? Ndi wa eni ake ujatu." Ndinadziwa kuti ndi iwo, palibenso munthu wina angafunse za mbatata ali pabedi la chipatala. Ndinalowa. Dzanja lomangidwa, bondo losupuka, koma mutu wopanda ngakhale kabala. Adokotala anati chikanavuka chipewacho, kapena chikanakhala chogwedera, sitikanalankhula nawonso.

Amuna anga atandiona anati, "Mayi a Mayamiko, musalire. Ndikachira tikagule china, ndipo mukasankhe ndinu." Ine kulira ndi kuseka nthawi imodzi, anamwino mpaka anandigwira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anafewetsa mtima umene ine ndinaulephera. Ndikuthokoza kuti anandipatsa liuma pamsika paja. Ndikuthokozanso inu amene munabwera kudzazonda.

Amayi, sabata ijayi mukanabwera kwathu ndi nkhuni ndi nyimbo za maliro. Simunabwere nazo. Ndiye nyimbo zimene zinatsala m'kamwazo, tiyimbe lero zachimwemwe. Bambo a Mayamiko, imirirani anthu akuoneni. Mpingo, ndithandizeni nthungululu, pakamwa panga pokha sipakwanira. Amen.