Mwambi wa M'munsi mwa Pepala la a Yoswa Nzunga

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1898 kufupi ndi Ntcheu, ku Nyasalande, ndipo makolo anawatcha Yoswa, a kwa Nzunga. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Laison, mng'ono wawo. Inu a kumbuyoko, amene mwaima patali ngati mwangodutsa, sunthirani kuno. Zina mwa zimene zalembedwa apa ndi zanu.

Mu 1908 analowa sukulu ya mishoni ndipo anafika Sitandade 4. Aphunzitsi ankadandaula nawo chinthu chimodzi: akapatsidwa buku, asanaliwerenge, ankayamba afunsa kuti walemba ndani ndipo wamutuma ndani. Khalidwe limeneli anakula nalo, afa nalo.

Mu 1921 msonkho unawachotsa kwathu. Anayenda wapansi kudzera ku Tete mpaka ku famu ya fodya ku Odzi, kumene anakhala zaka zitatu. Mu 1924 anatsika phiri la Khirisimasi Pasi bulangete lili pamutu, nalowa muno mu Mutare. Ntchito yoyamba inali yosesa m'nyumba ina yosindikizira mabuku. Potola zilembo za mtovu zimene zinkagwa pansi, anaphunzira kuzisanja, ndipo pofika 1930 ankasanja Chingerezi, Chimanyika ndi Chinyanja, zonse akuwerenga chozondoka. Ankakonda kunena kuti munthu wozolowera kuwerenga chozondoka sanamizika msanga.

Pa 6 Ogasiti 1927 anamanga ukwati ndi mayi Mailesi Nangozo ku lokeshoni ya Sakubva, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi.

Mu 1938 malemu anagula makina akale otayipira nayamba kapepala kotchedwa Linthumbu. Ena a inu lero mukhala ngati dzinali simunalimvepo. Palibe kanthu. M'kapepalamo ankaweruza timabuku ta osindikiza ang'onoang'ono timene tinkabwera ndi anthu a sitima kuchokera ku Joni. Kabuku kena kolangiza antchito a m'nyumba kuti azimvera mabwana, malemu analemba kuti pepala lake ndi lofewa bwino, lokulungira fodya. Kena ka mbusa wina, konena za mavuto a m'migodi, anakayamikira, koma anafunsa chifukwa chimene wa mu mgodi ngakhale mmodzi sanapatsidwe pakamwa m'masamba onsewo. Ngakhale mtsogoleri wa antchito amene iwo ankamukonda sanam'siye: anamudzudzula kuti waiwala amayi ochapa ndi ofulula, ngati iwowo thukuta lawo ndi madzi. Kuseri kwa pepalalo ankalemba za chitupa, za phoso la ufa wofumbwa, ndi za nyumba za lokeshoni zimene mwamuna akachotsedwa ntchito, mkazi ndi ana amagona panja.

Mapepala ankatuluka khumi ndi awiri okha mwezi uliwonse, kupita kwa amuna khumi ndi awiri odalirika, oti akawerengere anzawo ku njanji, ku msika ndi ku makhitchini a azungu. Ine sindinali m'gululo. Akulu anga ankati pakamwa panga m'pobooka, ndipo sankanama.

Mu Okutobala 1945 a ku njanji ananyanyala ntchito. Pa 12 Novembala apolisi anagwira malemu pamodzi ndi a Abisai ndi a Uladi, awiri mwa khumi ndi awiri aja. Patatha masiku atatu malemu anatuluka okha. Anzawowo anakwezedwa sitima, kubwezedwa ku Nyasalande, ana awo atawasiya kuno. Apa ndi pamene lokeshoni inayamba kunong'ona kuti a Nzunga agulitsa anzawo. Amene anawatulutsa anali bwana wawo, osati chifukwa cha chikondi, koma chifukwa makalendala a Khirisimasi anali asanasanjidwe ndipo panalibe wina wodziwa zilankhulo zitatu. Zimenezi anakuuzani, koma inu munasankha za kumbali.

Zaka zitatu zimene zinatsatira zinali zowawa, ndipo ndizinena mosapsatira. Ku tchalitchi benchi yawo inkakhala ndi malo ambiri. Mayi Mailesi akafika pa mpope, nkhani inkatha. Ana ankaitanidwa dzina la akazitape pa msewu. Bungwe lathu la maliro, limene malemu analilembera okha malamulo, linawafafaniza osawaitana n'komwe. Inenso, mwana wa mayi awo, ndinakayika, ndipo ndinatha miyezi isanu osaponda pakhomo pawo. Manyazi amenewa ndidzapita nawo kumanda kwanga.

Malemu sanadzitetezenso. Linthumbu linafa, koma iwo sanasiye kupereka moni kwa aliyense wa amuna khumi amene anatsala, chipewa chili m'manja.

Mu Janyuwale chaka chino cha 1948 chifuwa chinawagwira. Madokotala anati mtovu ndi fumbi zadya mapapo. Pamene tawuni yonse inanyanyala mu Epulo, iwo anali pa mphasa, akumvera phokoso kudzera pa windo, ndipo anamwetulira. Anatisiya Lachiwiri, pa 15 Juni, dzuwa lili paliwombo.

Tsopano tcherani khutu, makamaka inu khumi. Munkadziwa kuti m'munsi mwa pepala lililonse malemu ankalembamo mwambi ndi cholembera. Munkayesa kuti mwambi umene uli pa pepala lanu uli pa mapepala onse. Ayi. Aliyense anali ndi wake, womwewo mwezi ndi mwezi. Wina anali ndi wa mutu umodzi umene susenza denga, wina wa chala chimodzi chimene sichiswa nsabwe, choncho mpaka khumi ndi iwiri. Malemu ankadziwa kuti mwamuna sakonda kuonetsa mnzake chinthu choletsedwa chimene wabisa m'malaya, ndipo maina pamodzi ndi miyambi yake anazilemba m'kope limene anasungitsa kwa akazi awo.

Tsiku lija ku polisi, pepala la Linthumbu linaikidwa patebulo. Womasulira, munthu wa kuno amene Chinyanja chake anachitola pa msika, anawauza azungu kuti mawu a m'munsiwo akunena za kutentha munthu wa ndevu. Kapitawo wa ku shedi ya katundu anali mzungu wa ndevu zofika pa chifuwa, choncho apolisi anakhulupirira kuti apeza chiwembu. Anawawerengetsa atatuwo mwambiwo mokweza, kangapo konse. Malemu atangouona anadziwa mwini pepala amene analipereka kwa apolisi, ndipo sanali a Abisai kapena a Uladi. Anauza akazi awo okha, nawalumbiritsa kuti asatchule dzina iwo ali moyo, poti munthuyo ali ndi ana aang'ono ndipo lokeshoni ikanamuphwanya.

Mwina wina akuti m'mtima, za m'banja zimenezo, akuyeretsa m'bale wawo. Kalata iyi ndi ya a Abisai, yochokera ku Dedza, ndipo yafika Lachinayi, malemu atagona kale m'nyumba ya chisoni. Akufunsa za moyo wa mnzawo, ndipo akuseka nkhani ya ndevu ija. Mwambi autchula m'kalatamu, osadziwa kuti unali wa munthu mmodzi. Akulu a bungwe la maliro angathe kuiwerenga tikachoka pano. Mwambiwo ndi uwu: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Asanu ndi anayi a inu mwapuma. Mmodzi ndevu zayamba kumununkhira.

Malemu asiya akazi awo mayi Mailesi, ana Edson, Jesca, Kefasi ndi Joice, zidzukulu ziwiri, ndi ine mng'ono wawo. Tikuthokoza anansi athu a Chimanyika amene akumba manda pamene a kwathu ankayang'anana. Kwa inu tikuti tinotenda. Tikuthokoza amayi ochapa ndi ofulula, amene abweretsa nkhuni ndi madzi chifukwa malemu anawakumbuka m'pepala lawo. Tikuthokoza abusa, ndiponso onse amene mwagwira nawo bokosi, ngakhale dzanja limodzi mwa manjawo mayi Mailesi anayang'ana kumbali poliona.

Alamu anga andituma mawu otsiriza. Lumbiro lawo latha Lachiwiri. Kumeta kuli Loweruka m'mawa. Mwini mwambi akabwera yekha pakhomo tsikulo lisanafike, masana anthu akuona, nadzanena pamaso pa anawa kuti bambo awo sanagulitse munthu, kope lidzalowa pamoto. Akapanda kubwera, Edson adzaliwerenga lumo lisanakhudze mutu wa aliyense.

Achimwene, munazimira mnzanu ndevu zaka zitatu, zanu zikupsa. Lero sanjani zilembo zanu pansi, mupume. Mzimu wanu uwuse mu mtendere.