Dzanja limene ndinalilanda mpeni

Olemekezeka mkulu wa chipatala chino, olemekezeka mkulu woyang'anira za ziweto, madokotala ndi anamwino athu, anzanga osenda ndi ofufuta zikopa, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Ndikuthokoza kuti pa tsiku lotsegulira chipinda chothandiziramo odwala anthrax, matenda ochokera ku ziweto, simunaitane munthu wa masukulu ambiri, koma ine, wapampando wa gulu la anthu amene ngakhale tisambe chotani timamvekabe fungo la chikopa. Musaseke, nanunso nsapato mwavalazo zinadutsa m'manja mwathu.

Ndili ndi kankhani. Bambo a kunyumba kwanga ndi awo akhala kutsogoloko, akuyang'ana pansiwo. Tsiku lina kuntchito kwathu kunabwera chikopa cha ng'ombe imene inangogwa n'kufa osadwala, ndipo iwo anachipala ndi manja osavala kanthu. Patapita masiku, pamkono panatuluka kachiphuphu koyabwa ngati palumidwa ndi udzudzu. Kanasanduka thuza, thuzalo linaphulika, pakati pake panada bii ngati khala.

Ndinati, “Bambo, tiyeni kuchipatala.”

Iwo anati, “Mayi, chilonda chosapweteka n'kuvutitsa nacho dokotala? Ndipatseni mpeni wanga ndichotsepo chakudachi.”

Mukudziwa inu, kwathu kuzikopa matenda timayezera ululu. Munthu amene amadzicheka tsiku ndi tsiku saona chifukwa chosiyira ntchito pa chilonda chimene sichikumugoneka pansi. Komatu umo ndi mmene anthrax wa pakhungu amapusitsira anthu: sapweteka, amangotupitsa. Mpeniwo ndinaubisa, koma mkono unatupa mpaka malaya osalowa, m'khwapa munatuluka mwanabere, thupi linatentha. Ndinachita mantha, abale anga. Ndinaona umasiye ukundisuzumira pakhomo.

Tinawanyamula mokakamiza, ine ndi alamu anga. Adokotala atangoona nkhanambo yakudayo anafunsa kuti, “Agwira chikopa kapena nyama ya chiweto chofa chokha?” Anawalumikiza diripi ya mankhwala opha tizilombo, kenako anawapatsa mapiritsi, n'kutilangiza kuti chilondacho tisachifinye, tisachicheke, tizingochiphimba, ndiponso mankhwala amalize onse. Anatiuzanso mosabisa kuti tikanachedwa, tizilomboto tikanalowa m'magazi ndipo nkhani ikanakhala ina, koma kuti wobwera msanga nthawi zambiri amachira.

Kutentha thupi kunatsika, kutupa kunaphwa pang'onopang'ono, nkhanambo ija inayoyoka yokha patapita milungu. Tsiku limene ndinawamva akukangana ndi namwino kuti awatulutse, mtima wanga unakhala m'malo, chifukwa ndinadziwa kuti makani awo abwerera, ndiye kuti moyo wabwereranso.

Choncho anzanga, chiweto chikafa chokha musachisende, itanani alangizi a ziweto. Ndipo chilonda chakuda pakati, kaya chikupweteka kaya ayi, bwerani nacho kuno. Musadikire kumva nkhwangwa ili m'mutu. Kwa inu madokotala ndi anamwino, mawu anga ndi ochepa: munandibwezera mwamuna ali ndi mikono yake iwiri.

Tsopano bambo, imirirani, pindani malayawo anthu aone chipsera. Dzanja limeneli ndinalilanda mpeni, lero ndikulipatsa sizasi. Bwerani mudule riboni, pamene ine ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.