Pomwe mkono wa bambo unkatsamira

Pa siteji ya basi, mayi wina anali atafukata gitala ngati khanda. Bambo amene anakhala naye pabenchi analephera kuugwira mtima.

"Mayi, mumaimba ndinu?"

"Ayi bambo, ndi ya malemu amuna anga. Ndikuchokera nayo kokonzetsa. Inagwa pakhoma ndikusesa, n'kukalika apa, vanishi n'kukanganuka. Ndinalira ngati maliro ayambiranso."

"Pepani. Koma inakalika pati? Ine sindikuonapo kanthu."

"Ndiye luso lakelo! Mmisiriyo anapala pang'onopang'ono ndi sandipepa wosalala, n'kudontheza vanishi ndi kamtengo ka machesi. Ikauma, apalenso, adonthezenso. Kenako anapukuta ndi kansalu mpaka ndinadzionapo nkhope."

"Nanga potuwapa anaiwala?"

"Apo ndinamuuza kuti apakenso, iye anakana. Akuti, 'Amayi, apa sipanawonongeke. Ndi pomwe mkono wa bambo unkatsamira akamaimba. Ndikapakapo ndiye kuti ndawafufuta.' Ine misozi yokhayokha."

"Ameneyo ndi munthu, mayi."

"Mulungu amudalitse komwe aliko. Mwana wanga wamkazi akukwatiwa Loweruka, ndipo mchimwene wake akufuna adzaimbe nyimbo ya bambo awo pa gitala yomweyi. Mutu unaima, kuti anawa ndiwayang'ana ndi maso ati."

"Ndiye muwauza kuti inagwa?"

"Ndiwauza ndithu, koma ukwati ukatha. Ii, basi ija ndi iyo! Ndinyamulireniko chikwamachi, bambo. Gitalayi kondakitala asaikhudze, ndikhala nayo pamiyendo."