Kalata imene ndinasunga m'Baibulo

Chaka cha 2019 ndinali ndi zaka 68. Moni nonse okhulupirira. Chaka chimenecho miyendo yanga inayamba kufa dzanzi, kenako inaleka kundinyamula.

A dokotala ku Chipata anandilembera kalata yopita ku Lusaka, kuchipatala cha mafupa ndi mitsempha. Ine ndinati ndi nyamakazi chabe, mpeni sudzakhudza msana wanga. Ndinapinda kalatayo n'kuiika m'Baibulo, n'kukatemeredwa mphini. Dzinja linadutsa kawiri. Mkazi wanga Naphiri ndiye ankandikokera padzuwa, kundisambitsa, thonje n'kumalima yekha. Ndinapempha Mulungu kuti angonditenga.

M'malo mwake ananditumizira mkamwini wanga, Tembo, munthu amene ndinali ndisanadyepo naye mbale imodzi. Kwathu mkamwini sakhudza thupi la mpongozi wake. Iye anagwada pakhomo, nati, "Bambo, mudzanditukwanire m'basi. Lero ndikuberekani." Anandiberekadi mpaka kumsewu.

Chipatalacho ndinachiona chagada, ndili pamachira. Namwino wina anandiuza kuti chinayamba ngati kanyumba kowongolera miyendo ya ana opunduka. Tsopano chili ndi zipinda za opaleshoni, malo opangira ndodo ndi miyendo yoikirira, ndi makina amene amakulowetsa wathunthu n'kujambula mkati mwa msana. Makinawo anaonetsa fupa likupana mtsempha. Dokotala anawerenga tsiku la pakalata ija, nandiyang'ana. "Agogo, munali kuti?"

Anandichita opaleshoni. Tembo ankagona pansi pafupi ndi bedi, kundichotsera zoipa osakwinya nkhope. Kenako achipatala anandiika m'chipinda cha zitsulo ziwiri zogwirira, mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wanga akundiphunzitsa kuponda ngati khanda. Sabata imene ndinayenda mapazi asanu, foni inalira. Naphiri anagwa kumunda, sanadzukenso. Anamuika ine kulibe. Mapazi asanu aja sanawaone.

Lero ndimapita ku Misa ndekha, ndi ndodo imodzi. Ndikuthokoza Mulungu, manja a madokotala aja, ndi Tembo, amene tsopano ndimamutcha mwana wanga. Inu amene mukudwala, pempherani ndipo musafooke, koma pepala la dokotala musalikhalire. Mulungu anandiyankha tsiku loyamba lomwe, ine ndi amene ndinakana.

Zimene ndinataya nazi: zaka ziwiri, ng'ombe ziwiri zolimira zimene zinagulitsidwa chifukwa cha matendawa, mphamvu ya phazi lamanzere, ndi mkazi mmodzi amene ndinakhala naye zaka 44.